Zoyenera Kulembedwa m'Buku la Antchito Pakampani Yomanga

 

Ndapemphedwa kulankhula za buku limene kampani imapereka kwa munthu pomulemba ntchito, buku lofotokoza malamulo ndi kayendetsedwe ka zinthu pakampanipo. Makampani ambiri omanga kuno kwathu alibe bukuli. Malamulo amangokhala m'mutu mwa bwana, ndipo zimene ananena Lolemba sizifanana ndi zimene adzanene Lachisanu. Ena bukulo ali nalo, koma adachita kukopera ku kampani ya ntchito za muofesi. Lili m'Chingerezi chokhachokha, likukamba za kavalidwe ka jekete ndi kasamalidwe ka kompyuta, ndipo limatulutsidwa m'kabati pamene akupikisana pa tenda kapena pamene akufuna kuchotsa munthu ntchito.

Mfundo yanga lero ndi imodzi, ndipo ndiibwereza kangapo. Bukuli lilembedwe poganizira munthu amene wagwira fosholo m'manja, ndipo lamulo lake ligwire bwana monga mmene likugwirira wantchito. Nonse mukudziwa ntchito ya chingwe pakhoma. Chikakokedwa kuchoka pangodya iyi kufika pangodya iyo, mmisiri sangakangane ndi kapitawo zakuti njerwa yakhota kapena ayi, chifukwa onse akuyang'ana chingwe chomwecho. Buku la antchito likhale lotero. Ndikamba mfundo zisanu ndi imodzi zoyenera kupezekamo.

Mfundo yoyamba: munthu adziwe kuti walembedwa ntchito yamtundu wanji, ndipo bwana wake ndani.

Lamulo lathu la zantchito, Employment Act la chaka cha 2000, limazindikira mitundu itatu ya mgwirizano: wopanda tsiku lothera, wa nthawi yoikika, ndi wa ntchito inayake imene ikatha mgwirizanowo wathanso. Ife omanga timagwiritsa ntchito mitundu yonse itatu nthawi imodzi pasaiti imodzi. Mlembi wa kusitolo ndi wokhazikika, woyendetsa makina walembedwa kwa miyezi isanu ndi umodzi, kalipentala wabwera kudzakhoma denga lokha, ndipo pageti pali anyamata ndi amayi amene atengedwa m'mawa womwewo kuti atunge madzi ndi kukumba maziko. Bukuli lifotokoze mtundu uliwonse ndi zimene munthu wa mtunduwo ayenera kulandira. Lamulo lomwelo limafuna kuti wantchito apatsidwe chikalata chofotokoza ntchito yake, malipiro ake ndi maola ake. Limanenanso kuti ngati mukusunga munthu pa kontalakiti za nthawi yochepa koma akugwira ntchito yokhazikika ya kampaniyo, aonedwa ngati wantchito wokhazikika. Amene mumalembetsa mlonda yemweyo kontalakiti ya miyezi itatu chaka ndi chaka, mfundo imeneyi muimve bwino.

Pali funso lina limene limavutitsa anthu kwambiri. Kampani yaikulu ikapata ntchito imagawira kampani yaing'ono, yaing'onoyo imapatsa mmisiri wina chigawo cha pulasitala, mmisiriyo amadzitengera anyamata ake. Tsiku limene mmodzi wa anyamatawo wagwa pansanja, aliyense amaloza mnzake. Lembani momveka kuti malamulo a chitetezo akukhudza aliyense wolowa pageti, kaya walembedwa ndi ndani, ndipo palibe woyamba ntchito dzina lake lisanalowe m'kaundula wa pasaiti. Lembaninso za msinkhu. Lamulo limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo wosakwana zaka 18 saloledwa kugwira ntchito yoika moyo pachiswe. Ntchito yathu pafupifupi yonse ndi yotero. Choncho bukuli linene kuti kapitawo aziona chiphaso cha unzika asanapereke piki kwa mnyamata amene akuoneka wamng'ono.

Mfundo yachiwiri: malipiro ndi maola.

Mikangano yambiri ya pasaiti imayambira apa, ndipo apa ndi pamene mabuku ambiri amalemba mzere umodzi wokha n'kudumpha. Munthu wa fosholo akufuna adziwe tsiku lolandira, njira yolandirira, kaya ndi pamanja, kubanki, pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba, ndiponso amene angamufunse ndalama zikaperewera. Apatsidwe kapepala koonetsa masiku amene wagwira, ndalama zake zonse ndi zimene zadulidwa. Malipiro asatsike pa mlingo wotsikitsitsa umene boma limalengeza, ndipo popeza mlingowo umasintha, tsamba limenelo muzilikonzanso ukasintha.

Maola a ntchito pasabata sayenera kupitirira 48, ndipo munthu akagwira masiku asanu ndi limodzi otsatizana ayenera kupuma tsiku lathunthu. Zopitirira apo ndi ovataimu. Ola la ovataimu patsiku wamba limalipiridwa kamodzi ndi theka, pomwe la tsiku lopuma kapena la tchuthi cha boma limalipiridwa kawiri. Tonse tikudziwa kuti tsiku lothira konkire ya silabu silitha ndi belu. Mukayamba kuthira simungaime pakati, ndipo anthu amaweruka usiku. Palibe cholakwa pamenepo, bola bukuli linene amene amalola ovataimu, amene amalemba maolawo, ndi mmene anthu abwererere kwawo mdima ukagwa.

Nanga mvula? Kuyambira Novembala mpaka Epulo pali masiku amene munthu amalawira, walipira kabaza kapena wayenda mtunda wautali, wafika pasaiti, mvula n'kutseka ntchito. Kodi alandira tsiku lonse, theka, kapena abwerera chimanjamanja? Simenti ikachedwa kufika, kapena mafuta a makina akasowa, watayapo ndani? Maganizo anga ndi akuti munthu amene wafika pa nthawi yake ndipo ntchito yaima pa chifukwa chosachokera kwa iye asabwerere wopanda kanthu. Mwina ena simugwirizana nane pa kuchuluka kwake. Koma chilichonse chimene mwasankha chilembedwe, ndipo munthu achidziwe asanayambe ntchito.

M'chigawo chomwechi muikemo tchuthi. Wogwira masiku asanu ndi limodzi pasabata ali ndi masiku 18 a tchuthi pachaka, wogwira masiku asanu ali ndi 15. Amene wakwanitsa chaka pantchito akadwala, dokotala n'kuchitira umboni, amalandira malipiro onse kwa masabata anayi ndi theka la malipiro kwa masabata ena asanu ndi atatu. Mayi woyembekezera ali ndi masabata osachepera asanu ndi atatu olipidwa, kamodzi pa zaka zitatu. Muikemonso za penshoni, imene bwana amasonkha 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti. Kudula ndalama ya penshoni pamalipiro a munthu koma osaitumiza kumene iyenera kupita ndi kumubera ukalamba wake. Za maliro nazo musaziiwale: masiku angati, pa wachibale uti, ndipo kampani ithandizapo chiyani.

Mfundo yachitatu: chitetezo. Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndalama yoperewera ikhoza kubwezedwa mwezi wamawa, koma msana wothyoka subwerera.

Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limaika udindo wa chitetezo pa olemba ntchito, kuphatikizapo kupereka zovala zodzitetezera. Chipewa cholimba, nsapato zolimba, magolovesi, magalasi oteteza maso ndi chotseka pamphuno ndi zida za ntchito, ndipo mtengo wake usadulidwe pamalipiro a munthu. Bukuli linene kuti aliyense alandira chiyani, chikang'ambika akasintha kuti, ndipo wokana kuvala aona zotani. Apa ndi pamene lamulo ligwire mbali zonse. Mwini kampani akabwera kudzaona ntchito avale chipewa ngati wina aliyense, chifukwa njerwa yochoka pamwamba sisankha mutu.

Koma kungolemba kuti "aliyense asamale" sikuteteza munthu. Tchulani ngozi zenizeni za ntchito yathu, imodzi ndi imodzi, m'mawu amene munthu angawakumbukire ali pamwamba.

Kugwa kuchokera pamwamba ndi imodzi mwa ngozi zimene zimapha omanga ambiri padziko lonse. Nsanja zathu zambiri ndi za mitengo ya bulugamu ndi matabwa okhomedwa ndi misomali. Lembani dzina la udindo wa munthu amene amayendera nsanja m'mawa uliwonse, makamaka kutagwa mvula kapena kutawomba mphepo, ndipo pasapezeke wokwera iye asanalole. Makwerero amangidwe pamwamba, ndipo phazi lake litalikire mita imodzi kuchoka pakhoma pa mamita anayi alionse okwera. Migolo ndi mabuloko osanjikiza si nsanja.

Dzenje ndi ngalande timazipeputsa chifukwa zili pansi. Dothi lodzaza bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu limalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka, kufanana ndi matumba 30 a simenti. Likagumukira munthu pachifuwa sangathe kupuma ngakhale mutu uli kunja. Lembani kuti dzenje lakuya, kaya ndi la maziko, la mapaipi kapena la chimbudzi, litchingidwe m'mbali kapena likumbidwe motsetsereka, dothi lofukulidwa liunjikidwe patali ndi m'mphepete, ndipo munthu asalowemo yekha popanda womuyang'anira pamwamba. Musanakumbe m'tauni funsani a ESCOM ndi a bungwe la madzi za nthambo ndi mapaipi apansi. Onyamula zitsulo zazitali ndi malata ayang'ane nthambo za m'mwamba.

Pali ngozi zina zimene sizichita phokoso. Simenti yonyowa imawotcha khungu pang'onopang'ono, munthu osamva ululu nthawi yomweyo, ndipo amene imamulowa m'nsapato amadzazindikira madzulo mapazi atasupuka. Fumbi lotuluka podula konkire, matailosi kapena pophwanya miyala limakhazikika m'mapapo ndipo silichokanso. Ambiri a ife tidaona azigogo ndi atsibweni amene adabwerako ku migodi ya ku Joni ndi chifuwa chosamva mankhwala. Fumbi la mtundu womwewo lili pamasaiti athu. Thirani madzi podula, ndipo perekani zotseka pamphuno zoyenera. Jenereta isalizidwe m'chipinda chotseka, ndipo mlonda asagone ndi mbaula m'kanyumba kake m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, chifukwa mpweya wotuluka m'zimenezi ulibe fungo koma umapha. Madzi akumwa ndi chimbudzi pasaiti nazo ndi nkhani ya chitetezo. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 udatiphunzitsa zimenezi mowawa.

Tsopano mvetserani chiganizo chimene ndikufuna chipezeke m'buku la kampani iliyonse yomanga m'dziko muno. Wantchito aliyense, ngakhale waganyu wa tsiku limodzi, ali ndi ufulu wokana ntchito imene akuona kuti ingamuphe kapena kumuvulaza, ndipo sadzadulidwa malipiro kapena kuchotsedwa chifukwa chokana. Ndikudziwa kuti ena mukuopa kuti aulesi abisalira pamenepo. Koma amene waponda thabwa ndiye amamva kuti likugwedera. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Munthu akamaopa kutaya ganyu amakwera nsanja yovunda ali chete, ndipo inu mumadzamva nkhaniyo atagwa kale.

Ngozi ikachitika, anthu asayambe kufunsana chochita. Tsamba limodzi la bukuli, lomatidwanso pachitseko cha sitolo, linene amene adaphunzira chithandizo choyamba, pamene pali bokosi la mankhwala, galimoto yonyamula wovulala ndi chipatala chapafupi. Saiti ya m'tauni ili pafupi ndi Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba Central kapena Mzuzu Central, koma womanga mlatho kapena sukulu kumudzi ayenera kudziwiratu msewu ndi mtunda wake ntchito isanayambe. Anthu aphunzitsidwe kuti wogwa kuchokera pamwamba sanyamulidwa mwachisawawa manja ndi miyendo, chifukwa ngati msana wavulala kunyamula koteroko kungamupuwalitse. Lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limapereka chipepeso kwa wovulala pantchito ndi wodwala matenda obwera ndi ntchitoyo, ndipo ngoziyo iyenera kukanenedwa ku ofesi ya zantchito. Wantchito auzidwe zimenezi m'bukumo. Chizolowezi chopatsa wovulala kandalama m'thumba kuti akhale chete chitheretu. Lembaninso ngozi zimene zangotsala pang'ono kuchitika, monga chitsulo chimene chagwa pafupi ndi munthu, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Mfundo yachinayi: khalidwe.

Eni makampani mumaikonda mfundo imeneyi, ndipo simukulakwa. Simenti imasowa, misomali imatuluka m'matumba a ovolosi, mafuta amapopedwa m'makina usiku. Bukuli linene amene amasaina katundu akamalowa ndi kutuluka, ngati pageti pazikhala kusecha ndipo asecha ndani, ndiponso ngati matumba otha ntchito ndi zidutswa za matabwa ndi zololedwa kutenga. Linenenso kuti kuchepetsa simenti m'konkire ndi mlandu waukulu koposa kuba thumba, chifukwa m'nyumbamo mudzalowa ana asukulu kapena odwala. Kuchotsa matabwa ochirikiza silabu injiniya asanalole kukhale m'gulu lomwelo. Mowa ndi chamba pantchito ziletsedwe kwa onse, kuyambira woyendetsa galimoto mpaka injiniya.

Koma munthu wa fosholo nayenso ali ndi zimene amaberedwa. Pali akapitawo amene amafuna kangachepe kuti alembe munthu ganyu, kapena amadula gawo la malipiro ake kumapeto kwa sabata. Pali amene amalemba mayina a anthu osakhalapo. Ndipo pali nkhani imene sitikonda kuitchula pagulu: amayi otunga madzi, ophika ndi atsikana ochokera ku sukulu zaumisiri amene amauzidwa kuti ntchito ipezeka akalola zofuna za kapitawo. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati nkhanza zotere ndi mlandu. Bukuli lizitchule ndi dzina lake, ndipo lipereke munthu wina wokadandaulako amene si kapitawo yemweyo. Ngati n'kotheka akhale mayi. Kusala munthu chifukwa cha mtundu wake, chipembedzo, ulumali kapena HIV kuletsedwenso. Ndipo pamene antchito akugona pamsasa kumudzi kwa eni, mulembe za ulemu kwa mafumu ndi eni dera, za minda, manda ndi zitsime zawo, komanso za ana asukulu aakazi, amene wantchito wa kampani yanu asawayandikire m'pang'ono pomwe.

Mfundo yachisanu: chilango ndi madandaulo.

Mawu akuti "usabwerenso mawa" atayitsa makampani ndalama zambiri kukhoti. Lamulo limafuna zinthu ziwiri munthu asanachotsedwe chifukwa cha khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito: pakhale chifukwa chomveka, ndipo apatsidwe mwayi wodziyankhira. Nkhani ikafika ku Industrial Relations Court, khoti loweruza milandu ya zantchito, bwana ndiye ayenera kuonetsa chifukwa chimene adachotsera munthuyo. Mwina munthuyo adabadi simenti, koma ngati simudamumve mbali yake mukhoza kugonja.

Choncho lembani masitepe ake. Zolakwa zazing'ono ziyambe ndi chenjezo la pakamwa, kenako la kalata. Zolakwa zazikulu zitchulidwe mayina. Woimbidwa mlandu auzidwe mlandu wake nthawi ikadalipo, aloledwe kubwera ndi mnzake kapena woimira bungwe la antchito, ndipo wodandaula asakhalenso woweruza. Kulowa bungwe la antchito ndi ufulu umene malamulo a dziko lino amateteza, ndipo bukuli livomereze zimenezo poyera.

Njira ya madandaulo ikhale ndi masiku owerengeka. Munthu akadandaula kwa kapitawo ayankhidwe pasanathe masiku angati? Akapanda kukhutira apite kwa ndani? Pamapeto pake mulembe kuti ofesi ya zantchito ya m'bomalo ili pati. Ena anena kuti kumeneko n'kudzipalira makala pamutu. Ine ndikuti kampani imene imalipira bwino ndi kuweruza mwachilungamo ilibe chifukwa chobisira antchito ake njira yopitira ku Leba. Ndikubwerezanso: lamulo ligwire bwana monga mmene likugwirira wantchito.

Mfundo yachisanu ndi chimodzi ndi yaifupi: ntchito ikatha, ndiponso kukwera pantchito. Saiti iliyonse imatha. Munthu adziwe kuti alandira chidziwitso cha masiku angati, kuti malipiro ake otsala ndi a tchuthi chimene sadapite aperekedwa pasanathe masiku asanu ndi awiri, ndi kuti apatsidwa kalata yoonetsa ntchito imene wagwira. Kwa mmisiri wosuntha saiti ndi saiti kalata imeneyo ndi chuma. Makampani amasonkha ndalama ku TEVETA, bungwe lokhazikitsidwa mu 1999. Bukuli lionetse njira imene wokanda matope angadutse kuti akayesedwe luso n'kukhala mmisiri wa satifiketi.

Ndisanakhale pansi ndinene za kalembedwe kake, chifukwa mfundo zonsezi n'zopanda ntchito ngati mwiniwake sangazimve. Lembani m'Chichewa, ndipo kumene antchito ambiri amalankhula Chitumbuka, Chiyao, Chisena kapena Chitonga, masamba a chitetezo ndi a malipiro akhalenso m'zilankhulo zimenezo. Ziganizo zikhale zazifupi, pakhale zithunzi, ndipo bukulo likwane m'thumba la ovolosi. Ena mwa antchito athu satha kuwerenga, ndipo sadzakuuzani. Tsiku loyamba wina awawerengere mokweza, afunse mafunso, kenako asaine kapena adinde chala. M'mawa uliwonse ntchito isanayambe kapitawo atenge mphindi zochepa kukumbutsa mfundo imodzi yogwirizana ndi ntchito ya tsikulo.

Musalilembe nokha muofesi. Mutu umodzi susenza denga. Itanani mmisiri wamkulu, mlembi wa kusitolo, mlonda ndi mmodzi wa amayi otunga madzi, muwafunse zimene zimawavuta ndi zimene samvetsa. Mukamaliza kulemba mukaonetse kwa ofesala wa zantchito kapena loya kuti aone ngati palibe chotsutsana ndi lamulo, pakuti buku la kampani likhoza kuwonjezera pa zimene lamulo limapatsa wantchito koma silingachotsepo. Pachikuto mulembe tsiku limene lasindikizidwa, ndipo muziliunikanso chaka chilichonse kapena lamulo likasintha.

Wapampando, ndaona kuti pali manja amene akwezedwa kale kumbuyoko, makamaka pa nkhani ya masiku a mvula. Ndiime pano kuti timve mafunso.